Cisumbu ca Aldabra ndi Anthu Ocisunga

M'nyanja yaikuru ya mcere yochedwa Indian Ocean, kumpoto ca kumadzulo kwa Madagascar, muli cisumbu dzina lace Aldabra. Ciri m'manja mwa dziko la Seychelles, koma kucokera ku Mahé, kumene kuli likulu la dzikolo, pali mtunda wa mamailosi ngati 700. Maonekedwe ace ali ngati mphete: zisumbu zinai, Grande Terre, Malabar, Picard ndi Polymnie, zazinga thamanda lalikuru losazama, ndipo madzi a m'nyanja amalowamo ndi kuturukamo kawiri pa tsiku. M'litali mwace ndi mamailosi 21. Palibe mtsinje kapena mudzi, ndipo pansi pace ndi thanthwe lakuthwa lotha nsapato msanga.

Cimene cinachukitsa malowa ndico afulu akuruakuru, oposa 100,000, ndipo wamphongo wokhwima angathe kulemera koposa amuna atatu. Kale afulu a mtundu wotere anali pa zisumbu zambiri za m'nyanja yomweyo, monga Mauritius ndi Rodrigues. Amalinyero anapeza kuti fulu amakhala ndi moyo miyezi yambiri m'combo wopanda cakudya kapena madzi, tsono anawasandutsa ndiwo ya paulendo mpaka anawatsiriza. A ku Aldabra anacepa nawonso, kotero kuti m'caka ca 1874 Charles Darwin ndi anzace analembera Bwanamkubwa wa Mauritius kupempha kuti awachinjirize. Koma cimene cinawapulumutsa kwenikweni ndi kutalika kwa malowo, kusowa kwa madzi akumwa, ndi kubvuta kwa pokoceza zombo.

Coopsya cina cinadza m'caka ca 1965, pamene Boma la Angelezi linapatula Aldabra ku Seychelles ndi maganizo omangapo bwalo la ndege za nkhondo, mogwirizana ndi Amereka. Bungwe la anthu ophunzira la Royal Society linatsutsa kolimba. M'caka ca 1967 maganizowo analekeka, ndipo kunena zoona, cinathandiza kwambiri ndi kusowa kwa ndalama ku Britain m'caka cimeneco, kuposa cifundo ca pa afulu. Royal Society inamanga nyumba zofufuziramo pa Picard m'caka ca 1971. Seychelles italandira ufulu mu 1976 cisumbuco cinabwezedwa, ndipo bungwe la Seychelles Islands Foundation, lokhazikitsidwa mu 1979, ndilo limaciyang'anira. Mu 1982 UNESCO inacilemba m'kaundula wa malo amtengo wapatali a dziko lonse lapansi, momwe munalowanso Lake Malawi National Park patapita zaka ziwiri.

Kodi nchito yosunga malo opanda mudzi ndi yotani? Okhala pa Picard ndi anthu owerengeka cabe. Amamwa madzi a mvula osungidwa m'matanki, ndipo kuyambira 2012 magetsi ao ambiri amacokera ku dzuwa. Amawerenga afulu ndi mbalame m'njira zomwezomwezo mwezi ndi mwezi, nayenda m'mbali mwa nyanja m'mamawa kuwerenga mapazi a akamba a m'madzi amene anakwera usiku kudzaikira mazira. Nchitoyi ndi yotopetsa, koma popanda kuwerenga palibe angadziwe ngati lamulo likuthandiza. Kupha akamba a m'madzi kunaletsedwa mu 1968, ndipo mabuku a ciwerengero asonyeza kuti zisa zao zacuruka kangapo ciyambire pamenepo.

Nchito yaikuru koposa ndiyo kulimbana ndi zamoyo zimene anthu anabwera nazo. Mbuzi zosiyidwa kale zinaswana, nizimadya masamba ndi mphukira za mitengo imene afulu amabisalamo dzuwa likatentha. Ndipo fulu wosowa mthunzi masana amafa. Kusaka mbuzi m'chire lowirira, pa thanthwe lodula mapazi, kunatenga zaka zoposa makumi awiri. Alenje anacita mocenjera: anagwira mbuzi zina nazibveka kawailesi kakang'ono m'khosi, nazimasula. Popeza mbuzi siikonda kukhala yokha, inkapita kukafuna zinzace, ndipo alenje ankaitsata. Mbuzi yotsiriza inaphedwa mu 2012. Makoswe ndi amphaka akalipobe. Pa Aldabra pali mbalame ina yoyenda pansi, yosatha kuuluka, imene inatsala yokha mwa mbalame zotere pa zisumbu za Indian Ocean, ndipo siipezeka pa Grande Terre pamene pali amphaka. Cifukwa ca ici katundu yense wopita ku Aldabra, ngakhale thumba la mpunga, amamuunika asanakwezedwe m'combo ku Mahé ndiponso pofika. Khoswe mmodzi wapakati kapena cisa ca nyerere zacilendo cingaononge nchito ya zaka zambiri.

Zonsezi zimafuna ndalama, ndipo alendo ofika ku Aldabra ndi ocepa. Anacepa koposa m'zaka za pafupi ndi 2009, pamene acifwamba a pa nyanja ocokera ku Somalia ankagwira zombo m'dera limenelo. Ndalama zambiri zimacokera kwina. Bungwe lomwelo limayang'aniranso nkhalango ya Vallée de Mai pa cisumbu ca Praslin, kumene alendo ambiri amalipira pa cipata kuti akaone migwalangwa ya coco de mer, ndipo gawo la ndalamazo limalipira zombo, cakudya ndi malipiro a ogwira nchito ku Aldabra. Nzeru imeneyi ndi yabwino, koma iri ndi cofooka cace: alendo akaleka kudza, monga kunacitika mu 2020 cifukwa ca mliri wa Covid-19, malo onse awiri amasauka pamodzi.

Tsono pali zina zimene mlonda sangazitsekere pakhomo. M'zaka za 1998 ndi 2016 madzi a m'nyanja anatentha kopitirira, ndipo makorali ambiri, ndito tizirombo tomanga matanthwe a pansi pa madzi m'mene nsomba zimaswana, anayera nafa. Mafunde nawo amatula zinyalala za pulasitiki zocokera ku maiko akutali, ndipo tiana ta akamba timakodwamo popita ku madzi. Mu 2019 gulu la acinyamata a ku Seychelles ndi ophunzira a ku Oxford linakhala masabata asanu likutola zinyalalazo, nkusenza matumba pa mapewa kupita ku timabwato. Anacotsa matani 25, ndipo munali mapatapata zikwi makumimakumi, pamodzi ndi zingwe ndi maukonde otayidwa ndi zombo zophera nsomba. Atawerengera anapeza kuti zotsala pa cisumbupo zinali zoposa matani 500, ndi kuti kuzicotsa zonse kungadye madola a ku Amereka oposa mamiliyoni anai, ngakhale palibe ndi cimodzi comwe mwa izo cinapangidwa pa Aldabra.