Mneni wa Chitaliyana amasenza katundu wake kumchira

Ukatsegula buku la galamala ya Chitaliyana n'kuona tebulo la mneni mmodzi yekha, ulesi umakugwira. Mneni parlare, kutanthauza kulankhula, ali ndi mitundu 7 ya kanenedwe, ndipo nthawi zake zonse ukaziphatikiza zimakwana 21. Ophunzira ambiri amayamba kuloweza liwu lililonse palokha mpaka mutu kuwawa. Ine ndikuona kuti munthu wolankhula Chichewa safunika kuvutika choncho, chifukwa luso lothyola mneni m'zidutswa ali nalo kale.

Taonani liwu lakuti ndinkalankhula. Muli ndi- wosonyeza wochita, -nka- wosonyeza nthawi, kenako muzu -lankhul-. Pa Chitaliyana liwu lomweli ndi parlavo. Muzu ndi parl-, kenako -a- wosonyeza gulu la mneni, -v- wa nthawi, ndipo -o ndiye "ine". Zidutswa zake n'zofanana ndithu, kungoti zafola mosemphana. Ife timasenza katundu kumutu, iwo kumchira.

Magulu atatu

Aneni a Chitaliyana ali m'magulu atatu potengera mathero awo: -are monga parlare, -ere monga credere, kukhulupirira, ndi -ire monga dormire, kugona. Chilatini, chomwe ndi kholo la Chitaliyana, chinali ndi magulu anayi. Gulu la -are ndilo lalikulu, ndipo ndi lomwe limalandira alendo. Mawu atsopano a pa intaneti monga cliccare ndi chattare analowera komweko, ngati mmene ife tinapangira kuvota, kusaina ndi kutchaja. N'chifukwa chake ndasankha parlare. Mukamudziwa ameneyu, mwadziwa aneni ankhaninkhani.

Nthawi yatsopano, presente, imayenda chonchi:

parlo, ndimalankhula
parli, umalankhula
parla, amalankhula, munthu mmodzi
parliamo, timalankhula
parlate, mumalankhula
parlano, amalankhula, anthu ambiri

Popeza mchira wanena kale wochita, alowam'malo io, tu, noi amasiyidwa. Kunena kuti io parlo kuli ngati kunena kuti ineyo ndimalankhula: ukutsindika basi.

Apa pali msampha wa lilime lathu. Pachichewa timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, ndipo chizolowezichi chimatithandiza pa PAR-lo, par-LIA-mo ndi par-LA-te. Koma parlano amatchulidwa kuti PAR-la-no, osati par-LA-no. Kutsindika kumeneku si nkhani yongokometsera. PAR-lo ndi ndimalankhula, pamene par-LÒ ndi analankhula. Ife amene timasiyanitsa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika pongokweza kapena kutsitsa liwu, izi zisatidabwitse.

Zakale zitatu

Imperfetto ndi nthawi ya zimene zinkachitika kawirikawiri kapena zinali m'kati: parlavo, parlavi, parlava, parlavamo, parlavate, parlavano. Mukangoona -v- pakati pa muzu ndi mchira, ganizani za -nka- wathu.

Passato remoto imanena zimene zinachitika n'kutheratu: parlai, parlasti, parlò, parlammo, parlaste, parlarono. Imeneyi ndi nthawi ya m'mabuku a nthano ndi a mbiri yakale.

Passato prossimo ili ndi mawu awiri, mneni wothandiza avere, kukhala ndi, kuphatikiza parlato: ho parlato, hai parlato, ha parlato, abbiamo parlato, avete parlato, hanno parlato. N'zosavuta kuganiza kuti ho parlato ndi ndalankhula ndipo parlai ndi ndinalankhula. Pang'ono zili choncho, koma pakamwa pa anthu malire ake amatengeranso dera. Kumpoto kwa Italy, monga ku Milano, munthu amanena ho parlato ngakhale pa zinthu za zaka zambiri zapitazo. Kummwera, makamaka ku Sicilia, parlai imamveka ngakhale pa nkhani yaposachedwa. Wophunzira ayambe ndi passato prossimo polankhula, ndipo passato remoto aidziwe kuti azitha kuwerenga.

Zam'tsogolo ndi zongoyerekeza

Futuro ndi iyi: parlerò, parlerai, parlerà, parleremo, parlerete, parleranno. Onani kuti -a- wa gulu uja wasanduka -e-, choncho parlarò ndi cholakwika. Mbiri ya nthawiyi imandisangalatsa. Michira -ò, -ai, -à ndi -anno ikufanana ndi ho, hai, ha ndi hanno, ndipo sizinangochitika. M'Chilatini cha anthu wamba ankaika mneni habere pambuyo pa mneni wina, ngati kunena kuti "kulankhula ndili nako", ndipo m'kupita kwa nthawi mawu awiriwo anamatana. Nafenso tinachita zofanana: -dza- wa mu ndidzalankhula anachokera kwa mneni kudza.

Condizionale, kanenedwe kongoyerekeza, imamangidwa pa tsinde lomwelo la parler-: parlerei, parleresti, parlerebbe, parleremmo, parlereste, parlerebbero. Tanthauzo lake lili pafupi ndi ndingalankhule kapena bwenzi ndikulankhula. Imagwiranso ntchito yopempha mwaulemu.

Tsopano yang'anitsitsani mawu awiri awa: parleremo ndi parleremmo. Loyamba ndi lonjezo, tidzalankhula. Lachiwiri ndi kungoyerekeza, tingalankhule zinthu zitalola. Kusiyana kwake ndi m mmodzi yekha, ndipo amamveka, chifukwa pa Chitaliyana lembo lolembedwa kawiri limatchulidwa motalikirapo. M'kalata ya bizinesi, pagheremo, tidzalipira, ndi pagheremmo, tingalipire, ndi nkhani ziwiri zosiyana kwambiri.

Kanenedwe ka chifuniro

Congiuntivo ndi imene imaopseza ambiri, koma ife tili nayo. Timati amalankhula, koma ndikufuna kuti alankhule. Lembo lomaliza -a lasanduka -e. Pa aneni a -are, Chitaliyana chimasandutsa -a kukhala -i: parla, koma voglio che parli. Mndandanda wake ndi parli, parli, parli, parliamo, parliate, parlino. Anthu atatu oyambawo ali ndi mchira umodzi, ndiye apa mlowam'malo amabwerera kuti zimveke: che io parli, che tu parli, che lui parli.

Pomwe timasiyana ndi apa. Ife timagwiritsa -e pa zofuna, zopempha ndi zolinga. Ataliyana amaonjeza maganizo, chikayiko ndi mantha. Ndikuganiza kuti amalankhula bwino ndi penso che parli bene. Kwa iwo, chimene chili m'mutu mwa munthu sichinatsimikizike, choncho mneni asonyeze zimenezo. Polankhulana pamsewu ambiri amangoti penso che parla, koma m'kalasi aphunzitsi adzakuchongerani ndi inki yofiira.

Nthawi yakale ya kanenedweka ndi parlassi, parlassi, parlasse, parlassimo, parlaste, parlassero. Imayendera limodzi ndi condizionale m'ziganizo za "ndikanakhala". Se parlassi italiano, lavorerei a Roma: ndikanakhala kuti ndimalankhula Chitaliyana, bwenzi ndikugwira ntchito ku Roma. Lamulo lake n'lakuti mbali ya se imatenga congiuntivo, mbali inayo condizionale. Se parlerei m'chiganizo chotere ndi cholakwika chimene Ataliyana eni ake amasekana nacho.

Kulamula ndi ulemu

Imperativo, kanenedwe kolamula, ndi parla kwa munthu mmodzi, parlate kwa ambiri, ndi parliamo, tiyeni tilankhule. Poletsa munthu mmodzi amatenga mneni wathunthu: non parlare. Nanga si ifenso timati osalankhula?

Ulemu ndiye umafuna kusamala. Ife timalemekeza munthu pomuchulukitsa: mumalankhula. Chitaliyana chimamuika patali, pomutchula kuti Lei ndi kugwiritsa ntchito mchira wa munthu wachitatu: Lei parla. Zili ngati kufunsa mlendo ali pamaso pako kuti "akufuna chiyani?" Kulamula kwaulemu kumabwereka ku congiuntivo: parli, monga ife timanenera kuti mulankhule kapena alankhule. Ndiye onani kusokoneza kwake. Pofunsa, parli ndi wa mnzako ndipo parla ndi wa bwana. Polamula zimatembenuka: parla kwa mnzako, parli kwa bwana. Ukasemphanitsa, walankhula kwa munthu wamkulu ngati kwa mwana. Nkhani ya ulemuyi inafika mpaka pa ndale. Mu 1938 boma la Mussolini linalamula kuti anthu asiye Lei n'kumanena voi, koma ulamulirowo utagwa Lei anabwerera. Kummwera kwa Italy voi waulemu akumvekabe.

Kuwerengera katundu yense

Mitundu itatu yotsala ya kanenedwe sisintha potengera wochita. Infinito ndi parlare, gerundio ndi parlando, monga mu sto parlando, ndikulankhula panopa, ndipo participio ndi parlante ndi parlato.

Pa nthawi 21 zija, 9 ndi zophatikiza: avere m'nthawi yoyenera, kenako parlato. Avevo parlato ndi ndinali nditalankhula. Avrò parlato ndi ndidzakhala nditalankhula. Avrei parlato ndi ndikanalankhula. Mmene ife timagwiritsira ntchito kukhala ndi -ta-, iwo amagwiritsa ntchito avere. Aneni ena, makamaka a kuyenda ndi kusintha, amatenga essere m'malo mwa avere, ndipo mchira umagwirizana ndi wochita: mwamuna amati sono arrivato, mkazi sono arrivata, ndafika.

Choncho chimene muyenera kuloweza kwenikweni ndi mindandanda 7 ya michira, kulamula, ndi aneni awiri othandizawo. Pali timalamulo tochepa ta kalembedwe toti mukumbukire. Aneni othera ndi -care ndi -gare amalowetsa h kuti liwu lisasinthe: cercare, kufunafuna, amapereka cerchi ndi cercherò. Othera ndi -ciare ndi -giare amataya i: mangiare, kudya, amapereka mangerò.

Njira imene ndimalimbikitsa ndi yoyambira kumchira. Mukakumana ndi liwu ngati cantavamo, musathamangire mtanthauziramawu. Funsani kaye mafunso atatu. Wochita ndani? -mo, ife. Nthawi yake ndi iti? -va-, nthawi ya -nka-. Muzu ndi uti? cant-, wa cantare, kuimba. Mwapeza tinkaimba. Yesani nokha ndi lavoreremmo, aspettassero ndi compreranno, kuchokera kwa lavorare, kugwira ntchito, aspettare, kudikira, ndi comprare, kugula. Poyankha liwu loyambalo, muwerenge bwino ma m ake.