Bawuti la tayala likaduka, sinthani lokhalo

Nyengo yotumiza fodya kumsika wa Chinkhoma ku Kasungu, galimoto zakale monga Hilux zimalemedwa ndi mabelo m'misewu yokumbika. Mabawuti ogwira tayala amaduka manati akakhwepa, kapena akamangidwa mochita kupondera sipanala.

Musagule habu yonse. Kwezani galimoto pa jeke, tchingirizani ndi chipika, chotsani tayala ndi dilamu ya mabuleki. Khomani bawuti lodukalo ndi hamala lituluke, mupite nalo kusitolo kuti mukapeze lofanana mazinga. Latsopanolo lilowetseni chakumbuyo, ikani mawashala, mangani nati mpaka mutu wake ukhazikike.

Osawotcherera. Limodzi likaduka, otsalawo amalemedwa ndipo tayala limatha kuguluka fodya ali pamsewu. Mukayenda makilomita 50, kungitsaninso manati onse.