Zomwe Paul Farmer anatisiyira pa pepala

Ndikamawerenga zolemba za Paul Farmer, dokotala wa ku America yemwe anamwalira ku Rwanda mu 2022, chimandigwira mtima n'chakuti sankalola umphawi kukhala chifukwa chomanira munthu mankhwala. Mu 2001, pomwe akatswiri ambiri ankati ma ARV ngodula kwambiri kwa osauka, iye ndi anzake anasindikiza m'magazini ya zachipatala ya The Lancet zomwe anaona kumidzi ya Haiti. Wothandiza wa m'mudzi momwemo ankafika pakhomo tsiku lililonse, mankhwala ali m'manja, n'kudikira mpaka wodwalayo ameze. Ambiri omwe anali chigonere anadzuka, n'kubwerera kumunda.

Kafukufuku wotere ndimamulemekeza, poti sanathere m'mabuku. Mu 2007 njira yomweyi inafika kudzera ku bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo ku Neno, komwe matope a dzinja amatsekereza odwala kutali ndi chipatala.