Kodi mumadziwa? Mahrez anayambira pa Flames

Okonda mpira ku Liwonde, Ntaja ndi Balaka amamudziwa Riyad Mahrez ngati katswiri wa mwendo wamanzere yemwe amazunguza otchinga kumbuyo akamathamangira mbali yakumanja. Koma chigoli chake choyamba m'timu ya dziko la Algeria anagoletsa Malawi.

Zinachitika pa 15 Okutobala 2014 mumzinda wa Blida, pamasewero olimbirana malo ku Africa Cup of Nations. Flames inagonja 3-0. Apa Algeria inabweza chipongwe, chifukwa mu 2010 ku Luanda anyamata a mphunzitsi wa Flames Kinnah Phiri anaithibula 3-0 ndi zigoli za Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda.

Mahrez anabadwira ku Sarcelles, France, mu 1991. Anachoka ku Le Havre kupita ku Leicester City mu 2014, ndipo mu 2016 timuyi inadabwitsa dziko potenga ligi ya England. Chaka chomwecho anasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu Africa.

Manchester City inamugula mu 2018 ndi mapaundi 60 miliyoni. Mu 2019, ali kaputeni, ananyamula chikho cha Africa ku Egypt. Mu 2023 anasamukira ku Al-Ahli ya ku Saudi Arabia.