Wailesi yomwe imapulumutsa batire pogona tulo

Makina oyezera kuthamanga kwa magazi amene amatumiza zotsatira ku foni popanda chingwe ali ndi wailesi m'kati mwake, yaing'ono ngati chikhadabo. Dzina lake ndi Bluetooth.

Ntchito yoikonza inayamba mu 1994 ku kampani ya Ericsson, mu mzinda wa Lund ku Sweden. Vuto linali loti inkamaliza msanga mabatire ang'onoang'ono. Mu 2010 kunatuluka Bluetooth Low Energy, yochokera ku ntchito ya kampani ya Nokia yotchedwa Wibree.

Chinsinsi chake ndi tulo. Wailesiyi imagona nthawi yambiri. Ikadzuka, imatumiza uthenga waufupi pa mafunde a 2,4 GHz diso lisanaphethire, n'kugonanso. Motero kabatire konga ndalama yachitsulo, ka CR2032, kamatha kufika chaka.

Apa m'pamene wopanga chipangizo amasankha. Akamaidzutsa pafupipafupi, chipangizo chimayankha msanga koma batire silikhalitsa. Akaika mlongoti pafupi ndi chitsulo, mafunde amafooka. Ambiri amagula kabolodi kolumikiza kale, kokhala ndi mlongoti wake woyesedwa. Mtengo wake ndi wokwererapo, koma kamawachotsera ntchito yokonza ndi kuyesa mlongoti okha. Ku Moçambique, bungwe la INCM ndilo limavomereza zipangizo zoterezi.

Kumidzi kumene nthambo za magetsi sizinafike, zosankhazi n'zimene zimagamula ngati makinawo agwire ntchito chaka chonse kapena angokhala m'katoni kudikira batire la ku tauni.