Lamulo la chilango chochepetsetsa ku South Africa: n'chifukwa chiyani ena akufuna lisinthidwe?

Mabanja ambiri a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga ali ndi m'bale amene akugwira ntchito ku Joni. Ndi bwino kudziwa kuti kumeneko, pa milandu ikuluikulu, woweruza sasankha yekha zaka zoti munthu akhale m'ndende. Lamulo lidaika kale zaka zimene sayenera kutsika pansi pake.

Lamuloli ndi la nambala 105 la chaka cha 1997, ndipo lidayamba kugwira ntchito mu 1998, nthawi imene anthu ankadandaula kwambiri za umbanda. Wopezeka wolakwa koyamba pa mlandu wakuba ndi mfuti kapena mpeni amalandira zaka zosachepera 15. Kachiwiri ndi 20, kachitatu 25. Kupha munthu mochita kukonzekera, kapena kugwirira mwana, chilango chake ndi moyo wonse m'ndende, ndipo zomutulutsa pa parole zimaganiziridwa pokhapokha atakhala zaka 25. Kuno kwathu malamulo oyendetsera dziko amaletsa chilango cha moyo wonse, ndiye achibale ambiri amadabwa akamva chigamulo chotere.

Woweruza angathe kutsitsa zakazi ngati pali zifukwa zamphamvu ndi zomveka, koma khoti la apilo lidanena mu 2001, pa mlandu wa Malgas, kuti zisakhale zifukwa zachabechabe.

Chodabwitsa n'chakuti lamuloli lidali la zaka ziwiri zokha. Boma lidangoliwonjezera nthawi mobwerezabwereza mpaka mu 2007 pamene lidakhazikitsidwa.

Mmodzi mwa amene akulitsutsa ndi Edwin Cameron, yemwe adali woweruza ku khoti la malamulo oyendetsera dziko ndipo mu 2020 adayamba ntchito yoyendera ndende. Mfundo yake ndi yakuti chimene chimaopseza chigawenga ndi kudziwa kuti chigwidwa, osati kutalika kwa chilango. Akaidi a moyo wonse adali osakwana 500 mu 1995. Tsopano adadutsa 15,000, ndipo ndende zadzaza mopyola muyeso. Pamenepa zikuoneka kuti akunena zoona, chifukwa chiwerengero cha ophedwa m'dzikolo chidakweranso ngakhale lamuloli lilipo.

Mabungwe ena oteteza amayi akuopa kuti lamuloli likachoka, oweruza ayambanso kupereka zilango zopepuka kwa ogwirira. Mantha amenewa nawonso ali ndi maziko.

Kusintha kwina kudachitika mu 2009: khoti lidagamula kuti zaka zokakamizazi zisagwire ana a zaka 16 ndi 17. Kwa akuluakulu, kuphatikizapo alendo, lamuloli likugwirabe ntchito.