KUMANGA KHOLA LA NKHUKU ZA MAZIRA PAKHOMO

Mawu oyamba

Pafupifupi pakhomo lililonse kuno kwathu, kuyambira ku Chitedze ndi ku Mpingu mpaka ku Namitete, Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, pali nkhuku. Mlendo akafika timagwira nkhuku. Mwana akadwala kapena akasowa makope asukulu timathamangira nayo kumsika. Koma tikafunsana kumene nkhukuzo zimagona, mayankho ake ndi omvetsa chisoni. Zina zimagona m'khitchini pafupi ndi mafuwa, zina mumtengo wa mango, zina kunsi kwa nkhokwe, ndipo zina m'nyumba momwemo mogona ana.

Zotsatira zake tonse tikuzidziwa. Thadzi limakaikira kutchire, mazira n'kudyedwa ndi agalu. Anapiye amatha ndi akabawi. Vumbwe amabwera usiku, ndipo chitopa chikafika m'mwezi wa Seputembala kapena Okutobala chimasesa mudzi wonse. Banja limayambanso kupempha nsoti kwa achibale chaka ndi chaka, osapita patsogolo.

Phunziro lino likufotokoza mamangidwe a khola la nkhuku 20 zoikira mazira. Mfundo yake yaikulu ndi imodzi: mangani khola musanagule nkhuku, ndipo muyambe mwawerengera musanakumbe maziko.

Kodi mukufuna kuweta nkhuku zanji?

Kamangidwe ka khola kamatsatira mtundu wa nkhuku zimene zidzakhalemo.

Nkhuku zachikuda, zathu zakumudzi zija, n'zopirira ndipo zimadzifunira zokha chakudya. Koma zimaikira mazira 10 mpaka 15 n'kuyamba kufungatira, motero pachaka thadzi limodzi limapereka mazira pafupifupi 40 kapena 50 basi. Nkhuku zimenezi zimangofuna khola logonamo usiku. Khola lam'mwamba, lokwezedwa mita imodzi kuchokera pansi, lokhala ndi phaka la nsungwi losiya timipata togwetsera zitosi, limazikwanira.

Nkhuku zakuda zimene timazitcha za Mikolongwe, dzina lake lenileni ndi Black Australorp, ndipo mtunduwu udachokera ku Australia. Boma lidayamba kuzifalitsa kwa alimi m'zaka za m'ma 1950 kuchokera ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu, ndipo pambuyo pake zinkachokeranso ku Bwemba mu Lilongwe ndi ku Choma kufupi ndi Mzuzu. Zikamadya bwino zimatha kuikira mazira oyandikira 200 pachaka. Palinso nkhuku zofiirira zogula kumakampani, monga za Hy-Line, zomwe zimaikira kuposa pamenepa koma zimafuna chisamaliro chachikulu.

Mitundu iwiri yotsirizayi ndiyo imafuna khola lapansi, loyalamo zinyalala zouma, limene tikulifotokoza pano. Dziwaninso kuti thadzi limaikira ngakhale popanda tambala. Tambala amafunika pokhapokha mukafuna anapiye.

Yambani mwawerengera

Nkhuku zikathithikana zimajomphana, zimadya mazira ndipo matenda amafala msanga. Pamalo otalika mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi payenera kukhala nkhuku 3 kapena 4 zokha. Choncho nkhuku 20 zimafuna khola la mamita 3 m'litali ndi mamita 2 m'lifupi, poyeza m'kati mwake.

Werengerani chakudya. Nkhuku yoikira imadya magalamu pafupifupi 120 patsiku. Nkhuku 20 zimadya makilogalamu pafupifupi 2 ndi theka, kutanthauza kuti thumba la makilogalamu 50 limatha m'masabata atatu. Zimamwanso madzi malita 5 patsiku, ndipo m'chilimwe zimamwa koposa apo.

Werengeraninso nthawi. Nsoti umayamba kuikira ukafika miyezi 5 kapena 6. Mukagula anapiye a masabata 6, mudzawadyetsa miyezi inayi osatola dzira ngakhale limodzi. Ambiri amagwa pamenepa: ndalama zonse amathera ku malata ndi anapiye, chakudya n'kusowa pakati panjira. Ngati mphamvu zanu n'zochepa, yambani ndi nkhuku 10. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Kusankha malo

Sankhani malo okwera, posadikha madzi. Mvula yathu, imene imagwa kuyambira mu Novembala mpaka mu Epulo, imasandutsa malo otsika kukhala matope, ndipo chinyezi ndicho chimabala matenda otsekula m'mimba mwa nkhuku.

Khola likhale poonekera kuchokera kunyumba kuti mumve phokoso usiku akabwera akuba kapena zilombo, koma lisagundane ndi nyumba yogona kapena khitchini. Likhale kutali ndi chitsime monga momwe timachitira ndi chimbudzi. Ganiziraninso anansi anu: musawamangire khola pakhomo pawo penipeni. Pewani pachulu ndiponso njira zodutsa linthumbu.

Litali la khola liloze kum'mawa ndi kumadzulo. Mukatero dzuwa limayenda pamwamba pa denga, osalowa m'kati kudzera m'mbali zotsekula. Izi n'zofunika kwambiri mu Okutobala. Nkhuku ilibe thukuta, ikatenthedwa imangoyasamula kukamwa, imaleka kudya ndipo mazira amachepa.

Zipangizo

Zambiri zili pakhomo pomwepo: njerwa zootcha kapena zidina, dothi lomangira, mitengo ya bulugamu, nsungwi, udzu, luzi ndi tsekera. Zogula ndi waya wa nkhuku wa maso ang'onoang'ono wotalika mamita 6 kapena 7, misomali, pepala la pulasitiki lofolerera, mahinjesi ndi loko. Malata ndi simenti n'zabwino ngati ndalama zilipo, koma nkhuku siiikira chifukwa cha malata. Denga laudzu limazizira bwino masana ndipo limafunda usiku.

Mamangidwe ake

1. Maziko. Lambulani malowo, khomani zikhomo ndi kumanga chingwe. Yezani kuchokera pangodya ina kufika pangodya yopingasana nayo, mbali zonse ziwiri. Miyeso ikafanana ndiye kuti khola lawongoka. Kumbani maziko akuya masentimita 30 mpaka 45 ndi kumangamo njerwa zootcha kuti agalu ndi makoswe asafukule.

2. Pansi. Thirani dothi la pachulu, tsirani madzi pang'ono ndi kusinja mpaka palimbe. M'kati mukwere masentimita 20 kapena 30 kuposa panja. Zirani bwino, kapena ikani simenti.

3. Makoma. Makoma awiri aafupi, lakum'mawa ndi lakumadzulo, amangidwe mpaka kudenga, mamita 2 kutalika kwake, kuti munthu azilowa osawerama. Makoma awiri aatali alekezere m'chiuno mwa munthu wamkulu, osapitirira mita imodzi. Matani ming'alu yonse, pakuti ndimo mumabisala utitiri ndi nthata.

4. Waya. Kuchokera pamene khoma lalekezera mpaka kudenga kokani waya, osasiya mpata. Amene mudamangapo chigafa cha fodya mukudziwa ntchito ya mphepo yodutsa: imachotsa chinyezi. M'khola imachotsanso fungo la zitosi limene limawononga maso ndi chifuwa cha nkhuku. Mukalowa m'khola maso n'kuyamba kuwawa, dziwani kuti mphepo ikuchepa. Waya amatsekerezanso mpheta ndi mbalame zina zimene zimaba chakudya ndi kubweretsa matenda.

5. Denga. Likhale lotsetsereka bwino ndipo litulukire kunja masentimita 60 kapena kuposerapo mbali zonse, kuti mvula yamphepo isalowe. Yalani pulasitiki musanafolere udzu. Mitengo yokhudza dothi muiwauleko kumatsinde kapena muipake oilo wakutha poopa chiswe. Tsiku lokweza denga itanani anzanu, paja mutu umodzi susenza denga.

6. Chitseko. Chikhale kukhoma lakum'mawa, chotsekukira kunja, cholimba ndi chokhoma. Pakhomo mangani kamzere ka njerwa kuti zoyala zisamatayikire panja.

7. Ngalande. Kumbani kangalande kuzungulira khola kuti madzi a padenga azipita kutali.

M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene mphepo ya mwera ikuzizira, pachikani masaka pa waya wa mbali yakumwera madzulo, m'mawa n'kuwapinda. Musatseke mbali zonse ziwiri.

Zoika m'kati

Zoyala pansi. Yalani utuchi wa matabwa, makoko a mtedza kapena mapesi odulidwadulidwa, kuchindikala kwake masentimita 10 mpaka 15. Dera lathu lino ndi la mtedza. Ngakhale mbewu ya CG7, imene idatulutsidwa mu 1990, idayesedwa pamalo a kafukufuku a Chitedze pompano. Tsono makoko amene timawatentha tikatha kuswa mtedza ndi chuma. Onetsetsani kuti ndi ouma ndi opanda chuku. Tembenuzani zoyalazo kawiri pasabata, ndipo pamene panyowa chotsanipo.

Mitanda yogonapo. Nkhuku imakonda kugona pamwamba. Iliyonse imafuna masentimita 25, choncho nkhuku 20 zimafuna mitanda iwiri yotalika mamita 2 ndi theka uliwonse. Ikhale yosalala, yonenepa ngati mpini wa khasu, yokwera masentimita 60 kuchokera pansi, yotalikirana masentimita 35. Yonse ikhale yofanana msinkhu kuti nkhuku zisalimbirane wapamwamba.

Zisa. Chisa chimodzi chimakwanira nkhuku 5, motero pangani zisa 4. Chilichonse chikhale masentimita 30 m'litali, m'lifupi ndi msinkhu. Mutha kuzimanga ndi njerwa kapena matabwa, ngakhalenso kugwiritsa ntchito madengu akale. Ziikeni kukhoma lakumadzulo kumene kuli kamdima, motsikirapo kuposa mitanda kuti nkhuku zisamagonemo. Yalanimo udzu wouma. Tolani mazira kawiri kapena katatu patsiku. Dzira likasweka nkhuku n'kulawa, chizolowezicho n'chovuta kuchithetsa.

Modyera ndi momwera. Nsungwi yaikulu yong'amba pakati kapena kabwato ka matabwa kotalika mita imodzi, kodyera mbali zonse ziwiri, n'kokwanira. Kwezani modyera ndi momwera kufika pamsana pa nkhuku kuti zisamapalasiremo zinyalala. Tsukani momwera tsiku ndi tsiku.

Bwalo. Ngati malo alipo, mangani mpanda wa tsekera kapena nsungwi kumbali kwa khola, wokula kawiri kuposa kholalo, ndi kuboola kakhomo kotsekeka kotulukira nkhuku. Pakona ikani phulusa losakaniza ndi mchenga kuti zizisambamo. Limachepetsa nsabwe ndi utitiri.

Khola lokha silikwanira

Madeya okha sabala mazira. Nkhuku yoikira imafuna chakudya chomanga thupi monga soya wokazinga ndi zinyenyeswa za usipa, masamba obiriwira, kamchere pang'ono, ndi laimu wa ziweto wolimbitsa chikamba cha dzira. Funsani mlangizi wa ziweto za kasakanizidwe kake, kapena gulani chakudya chosakaniza kale chotchedwa layers mash.

Chitopa chilibe mankhwala ochiza. Chimayamba ndi kachirombo kosaoneka ndi maso, ndipo chimayenda ndi nkhuku zodwala, zitosi, mapazi a anthu ndi madengu ochokera kumsika. Chitetezo chake ndi katemera. Katemera wa I-2, wopangidwa kulabotale yaikulu ya boma yoona za matenda a ziweto mu Lilongwe, amadonthezedwa dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, miyezi inayi iliyonse. Temerani nkhuku zili bwino, chilimwe chisanafike, osati zitayamba kugwa. Botolo limodzi limakwanira nkhuku zambiri, choncho ndi bwino mudzi wonse kupangana tsiku limodzi. Nkhuku za mnansi wanu zikapanda kutemeredwa, zanunso zili pangozi.

Nkhuku yogula kumsika wa Nsaru kapena Msundwe, ngakhale yopatsidwa ndi achibale, muisunge payokha masabata awiri isanalowe m'khola. Alendo azionera panja pa waya. Nkhuku yofa ndi matenda ikwirireni mozama kapena itentheni. Musaitaye kudzala ndipo musaigulitse.

Phindu lake likhale la banja lonse

Zoyala za m'khola zikakhalitsa miyezi ingapo zimasanduka manyowa amphamvu. Ziunjikeni pamthunzi kuti ziwolerane musanathire kudimba kapena kumunda wa chimanga, chifukwa zitosi zaziwisi zimawotcha mbewu.

Bambo ndi mayi agwirizane poyambirira za amene azisamala khola, kolemba mazira otoledwa ndi kagwiritsidwe ntchito ka ndalama. Pa ndalama za mazira, yambani mwapatula yogulira thumba lotsatira la chakudya. Ndipo musagulitse mazira onse. Ana, amayi oyembekezera, okalamba ndi odwala ndiwo oyamba kudya. Zonena kuti mayi woyembekezera akadya mazira adzabala mwana wopanda tsitsi si zoona. Dzira limamanga thupi la mayi ndi la mwana yemwe.

Nthawi yabwino yomanga ndi pakati pa Meyi ndi Ogasiti, pamene udzu wauma, njerwa zikuumbidwa ndipo ndalama za zokolola zikadali m'manja. Khola likatha, lisiyeni liume kwa sabata imodzi kapena ziwiri, yalanimo makoko, ikani madzi ndi chakudya, kenaka pitani mukatenge nkhuku.

Mafunso okambirana pamphakati

1. Kodi chaka chathachi mabanja athu adataya nkhuku zingati, ndipo zidatha ndi chiyani?

2. Pa zipangizo zimene zatchulidwa, ndi ziti zimene tili nazo kale m'mudzi mwathu?

3. Kodi tingathandizane bwanji kuumba njerwa ndi kumangirana makola, kuyambira kwa amayi amasiye ndi okalamba?

4. Ndani mwa ife akakumane ndi mlangizi wa ziweto kuti tipangane tsiku lotemera nkhuku za mudzi wonse?